Wokumba ndi Wosula

M'mudzi uli wonse wa m'Zambia muli zinthu za citsulo. Khasu la amai, nkhwangwa ya atate, mbaula yophikira, malata a pa denga la sukulu, njinga ya aphunzitsi ndi cigayo ca pa msika, zonsezi zinayamba ziri mwala wa m'nthaka. Kuti mwala usanduke khasu pafunika anthu awiri. Woyamba ndiye wokumba, amene atulutsa mwalawo mu mgodi. Waciwiri ndiye wosula, amene auumba kuti ukhale cipangizo cogwirira nchito. Dziko la Zambia linachuka pa dziko lonse lapansi cifukwa ca okumba ace, koma osula ace ngocepa. Ici ncinthu coyenera kukonzedwa, ndipo amene adzacikonza ndiwo ana amene ali pa sukulu lero.

Kusula si nzeru yobwera ndi Azungu. Makolo a Acewa ndi Amang'anja anali kumanga ng'anjo za dothi, naikamo mtapo ndi makala, napemerera moto ndi mvukuto za cikopa kufikira citsulo citalekana ndi mwala. Atatero anali kupita naco ku cipala, kumene anacipanda ndi nyundo cikali cofiira, napanga makasu, mikondo ndi nsompho. Makasu a Amaravi anali kugulidwa kutali, ngakhale ndi Apwitikizi okhala m'cigwa ca Zambezi. M'caka ca 1960, pa malo ochedwa Ingombe Ilede, kufupi ndi Siavonga, anchito amene anali kukumba anapeza manda akale. M'mandamo munali mitanda ya mkuwa, mitolo ya waya, ndiponso zitsulo zokokera wayayo. Anthu amenewo anakhala ndi moyo zaka ngati 500 zapitazo, ndipo anadziwa kale kusandutsa mkuwa kukhala waya.

Migodi yaikulu ya masiku ano inayamba kutulutsa mkuwa m'zaka za m'ma 1930: wa ku Luanshya mu 1931, wa Nkana mu 1932, wa ku Mufulira mu 1933, ndi wa Nchanga mu 1939. Mkuwawo anali kuusungunula, naupanga mipiringidzo, naukweza pa sitima ya pamtunda kupita ku nyanja. Mafakitale a kutsidya kwa nyanja ndiwo amene anali kuusandutsa mawaya, mipope ndi ziwalo za makina. Zina za zinthuzo zinali kubwerera ku Zambia, koma pa mtengo wokwera kwambiri. Kufikira lero mkuwa wambiri ucoka m'dziko usanapangidwe kanthu. M'caka ca 2024 migodi ya Zambia inatulutsa matani oposa 800,000, ndipo gawo limene linasulidwa m'dzikomo linali laling'ono ndithu.

Mlimi amene agulitsa nshawa zace zonse zosasenda, nakagula mafuta ophikira ku sitolo, alipira munthu wina pa nchito imene akadatha kuigwira yekha. Dziko logulitsa mkuwa wosasula lifanana ndi mlimi ameneyo. Limapereka kwa eni mafakitale a kunja phindu la kusula, pamodzi ndi malipiro amene anyamata ndi asungwana ace akadalandira. Ndiponso likhala pa ngozi, pakuti liri ndi cinthu cimodzi cokha cogulitsa. Pamene mtengo wa mkuwa unagwa mu 1975, Boma linasowa ndalama, linayamba kukongola, ndipo masukulu ndi zipatala zinavutika zaka zambiri.

Kodi m'fakitale ya zitsulo amacitamo ciani? Poyamba mmisiri ajambula pa pepala kapena pa kompyuta cinthu cimene afuna kupanga, nalemba miyeso yace yonse. Pambuyo pace anchito atenga malata okhuthala kapena mipiringidzo ya citsulo, nayesa, nadula, napinda, naboola. Potsiriza alumikiza zidutswazo ndi mabauti, kapena aziocherera ndi moto wa magetsi umene usungunula m'mphepete mwa zitsulo ziwiri kuti zikhale cimodzi. Waya apangidwa mwa njira yina. Mkuwa usungunuka pa kutentha kwa madigiri 1,085, ndipo ukazirala aupanga ndodo yaitali. Makina akoka ndodoyo kupyola pa ciboo copapatiza, kenaka pa cina cocepa koposa, kufikira itakhala yopyapyala monga ulusi. Nzeru yace ndi yomwe ija ya anthu a ku Ingombe Ilede, koma makina acita pa ola limodzi zimene manja sakadatsiriza pa mwezi.

Wosula wa kumudzi apanga makasu khumi, ndipo liri lonse lisiyana pang'ono ndi linzace. Fakitale ipanga zidutswa zikwi zambiri zofanana ndendende, kotero kuti bauti yopangidwa lero ilowa pa ciboo cimene cinaboola munthu wina caka catha. Cifukwa ca ici nchito ya zitsulo ndiyo mai wa mafakitale ena onse. Fakitale ya shuga ya ku Nakambala, kufupi ndi Mazabuka, sikadafinya nzimbe popanda zogudubuza ndi matanki a citsulo. Wopanga simenti, wopera ufa ndi wosoka zobvala, onse adalira makina amene munthu wina anadula ndi kulumikiza.

Ulalo wa pa mathithi a Mosi-oa-Tunya uonetsa bwino mphamvu ya muyeso. Zitsulo zace zinapangidwa mu mzinda wa Darlington ku England, zinadza pa sitima ya pamadzi kufika ku Beira, ndipo kucokera kumeneko zinanyamulidwa pa njanji. Amisiri anayamba kumanga pa magombe onse awiri a Zambezi, mbali iyi ndi mbali iyo, popanda mzati pakati, pamwamba pa cigwembe cakuya mamita oposa 100. M'caka ca 1905 mbali ziwirizo zinakomana pakati, ndipo zinalumikizana. Ulalowo ukali kunyamula sitima ndi magalimoto kufikira lero. Koma malipiro a amene anadula ndi kuboola zitsulozo anatsala ku Darlington.

Sikuti Zambia alibe osula konse. Mu 1968, zaka zinai dziko litalandira ufulu, panakhazikitsidwa kampani ya Metal Fabricators of Zambia, imene anthu aicha ZAMEFA. Fakitale yace ya ku Luanshya ipanga ndodo za mkuwa, mawaya ndi nthambo za magetsi, ndipo zina igulitsa ku maiko ena. Ku Kafue kuli fakitale yosungunula zitsulo zakutha ndi kupanga mipiringidzo yomangira nyumba. Ku Kalingalinga, mu Lusaka, amisiri a m'mbali mwa mseu aocherera zitseko, mafelemu a mazenera ndi zipata. Zonsezi zitsimikiza kuti luso liripo. Cosowa ndico kuculuka kwace.

Anthu ena anena kuti Zambia sangapikisane ndi maiko a mafakitale akulu. Ati dzikoli liri kutali ndi nyanja, makina ngokwera mtengo, ndipo magetsi sakwanira. Mau ao ali ndi zoona zace. M'caka ca 2024 cilala cinacepetsa madzi m'nyanja ya Kariba, magetsi anali kuzima maola ambiri pa tsiku, ndipo oocherera ambiri anakhala manja lende. Komabe kutalika kwa nyanja kukweza mtengo wa thanki kapena nthambo yocokera kunja, ndipo potero kuthandiza amene apanga zinthuzo pafupi. Zambia acita malire ndi maiko 8, ndipo m'maiko onsewo muli midzi yambiri imene magetsi sanafikemo. Mudzi uli wonse wotere udzafuna waya. Ngakhale magetsi a dzuwa, amene angacepetse bvuto la cilala, ayenda m'nthambo za mkuwa. Msika uli pakhomo.

Palinso cenjezo loyenera kulimva. Mgodi wa mtobvu wa ku Kabwe unatsekedwa mu 1994, koma fumbi lace likali m'nthaka, ndipo lidwalitsa ana a m'makomboni oyandikana nao. Nchito ya zitsulo ingathe kubvulaza ngati eni ace asamala za phindu lokha. Cifukwa cace dziko lifunika amisiri ophunzira, odziwa kucinjiriza maso ao pa kuwala kwa moto woocherera, ndi kusunga utsi ndi madzi oipa kutali ndi anthu, ndiponso malamulo okakamiza eni mafakitale kucita cimodzimodzi.

Koma copinga cacikulu ciri m'maganizo. Ana ambiri ayesa kuti munthu wophunzira ndiye wokhala pa mpando mu ofesi, ndi kuti wobvala ovololo yakuda ndi mafuta ndiye amene analephera mayeso. Makolo ena nawonso aganiza motero. Kumeneku nkulakwa. Mmisiri wa zitsulo ayenera kudziwa masamu, kuwerenga cojambula, ndi kuyesa kufikira pa milimita imodzi, pakuti akaphonya pang'ono citsulo ca mtengo wapatali citayika. Kale wosula anali munthu wolemekezeka m'mudzi, cifukwa popanda iye panalibe khasu, ndipo popanda khasu panalibe nsima.

Akulu anati m'mera mpoyamba. Mwana amene aphunzira lero kugwira rula molunjika ndi kuwerengera magawo a nambala wayamba kale nchito ya umisiri. Akatsiriza sukulu angathe kupita ku Northern Technical College ku Ndola, kapena ku sukulu ya zaumisiri ya ku Chipata, ndipo makomo a masukuluwo ngotseguka kwa asungwana monga kwa anyamata. Mkuwa wa m'nthaka udzatha tsiku lina, monga unathera mtobvu wa ku Kabwe. Dziko limene linaphunzira kukumba kokha lidzatsala ndi maenje. Koma limene linaphunzira kusula lidzakhala ndi anthu otha kupanga khasu, waya ndi ulalo, ngakhale citsulo cace cikhale cogula kwa ena.