THAVENI YAKALE ISAFE PAMODZI NDI MBIRI YAKE

Sabata yatha ndinaperekeza mdzukulu wanga kukagula ndiwo kumsika. Pobwerera tinadutsa pa thaveni ina yakale muno mu Kwacha, malata acita dzimbiri, cipupa cang'ambika. Mwanayo anandifunsa kuti: “Agogo, nyumba yonyansayi bwanji osaigwetsa?” Ndinasowa coyankha msanga, ndiye lero ndati ndiyankhe kudzera m'nyuzipepa.

Ku Scotland, m'dera la Duddingston mumzinda wa Edinburgh, kuli malo omwera mowa ochedwa Sheep Heid Inn, amene eni ake amati analipo kuyambira caka ca 1360. Alendo amapitako kukamva mbiri ya mudziwo, ngakhale amene salawa mowa. Ife muno mu Kitwe tili ndi hotela yochedwa Edinburgh, dzina la kwa eni, koma mbiri ya malo athu sitiisamala.

Sindikuyamikira ucidakwa ai. Ndaona mabanja akutha, ndaona malipiro a mwezi wonse akuthera m'cikopo. Koma mbiri ya mabiyaholo ndi mbiri ya makolo athu amene anacoka ku Cipata, ku Petauke ndi ku Nyasaland kudzafuna nchito ku migodi.

M'nthawi ya atsamunda, makhonsolo ndi makampani a migodi ndiwo anali kugulitsa mowa wa anthu akuda, ndipo phindu lake linali kuyendetsa zina za m'makomboni. Amai amene anali kufulula mowa panyumba kuti apeze ya sopo anali kugwidwa. Mowa woukira wa azungu unali woletsedwa kwa munthu wakuda. N'cifukwa cake m'zaka za m'ma 1950 omenyera ufulu anauza anthu kuti anyanyale mabiyaholo. Anali malo a cipongwe, komanso ndi komwe anchito anali kukumana akaweruka, n'kumadandaulirana za malipiro ndi za makapitao ankhanza.

Madandaulo otere sanathere m'kamwa. Mu 1935 anchito a ku Mufulira, Nkana ndi Luanshya ananyanyala nchito, ndipo anthu 6 anaphedwa ku Luanshya. Mu 1940 pa Nkana anaphedwa 17. Mu 1947 kunabwera William Comrie, mzungu wa ku Scotland, kudzathandiza kukhazikitsa mabungwe a anchito, ndipo mu 1949 Lawrence Katilungu anakhala mtsogoleri wa bungwe la anchito akuda a m'migodi. Ngakhale Chibuku, mowa wocokera ku cimanga ndi mapira a inu alimi, unayambira muno mu Kitwe ndi Max Heinrich. Kodi ana athu akuzidziwa zimenezi?

Ena adzati kusunga thaveni n'kulimbikitsa mowa. Koma malo a mtengo wa akapolo ku Ndola timawasunga, ndipo palibe amene amati tikulimbikitsa ukapolo. Timasunga kuti tisaiwale.

Pempho langa kwa a khonsolo ndi a National Heritage Conservation Commission ndi lakuti asankhe thaveni imodzi yakale, aikonze, aikemo zithunzi ndi mbiri ya komboni. Ophunzira a pa Copperbelt University apite kwa okalamba amene atsala, alembe zimene anaona. Inunso makolo, musadikire boma. Madzulo ano muuzeni mwana wanu za agogo ake, kumene anacokera ndi mgodi umene anagwira. Okalamba akutha, ndipo akapita sitidzakhalanso ndi wofunsa.