Gemu yakale ikayambidwanso: chotsala n'chiyani kupatula dzina?

Mu 1996 kampani ya Core Design ya mumzinda wa Derby ku England inatulutsa gemu yotchedwa Tomb Raider. Mwini nkhani anali Lara Croft, mayi wolimba mtima wonyamula mfuti ziwiri, amene ankalowa m'manda akale ndi m'mapanga kufunafuna zinthu zamakedzana. Patapita zaka 17, mu 2013, kunatuluka gemu ina ya dzina lomwelo, yopangidwa ndi kampani ya ku America ya Crystal Dynamics. Koma Lara wa ulendo uno anali mtsikana wa zaka 21, wosazolowera zoopsa, amene chombo chimene anakwera chinasweka pachilumba cha Yamatai. Zonse zimene Lara wakale anachita zinafafanizidwa ngati sizinachitikepo.

Izi ndi zimene opanga magemu amazitcha reboot, ndipo n'zosiyana ndi kutulutsa gawo lotsatira la nkhani, n'zosiyananso ndi kukonza gemu yakale kuti izioneka bwino pa makina atsopano. Wokonza gemu yakale ali ngati munthu wofolera malata atsopano ndi kupaka utoto nyumba ya makolo, zipinda zili pomwepo. Woyambanso amagwetsa nyumbayo n'kumanga ina pamalo omwewo, dzina la banja lokha n'kukhala pachipata.

N'chifukwa chiyani kampani ingataye nkhani imene yaimanga kwa zaka zambiri? Chifukwa choyamba n'chakuti nkhani ikatalika imazingana. Aliyense amene anasewerapo Mortal Kombat, gemu ya nkhonya imene inayamba mu 1992, akudziwa izi. Pofika mu 2006, gawo lotchedwa Armageddon linali ndi omenyana oposa 60, ena atafa n'kuukanso, moti wosewera watsopano sakanatha kudziwa kuti mdani wa ndani ndi ndani. Kampani ya Midway, mwini gemuyi, inagwa mu 2009, ndipo Warner Bros. inagula dzinalo. Mu 2011 gulu la Ed Boon, amene anali mmodzi mwa oyambitsa gemuyi, linabweza nkhani kuchiyambi mochenjera: Raiden, mmodzi mwa omenyanawo, poona kuti zonse zawonongeka, akutumiza uthenga kwa iye mwini wa m'mbuyo kuti asinthe zochitika. Wosewera wakale anapeza anthu ake, Scorpion, Sub-Zero, Liu Kang, ndipo watsopano anapeza poyambira. Gemuyo inabwereranso ku kamenyedwe koyang'anizana kumanja ndi kumanzere kamene anthu anakakonda poyamba.

Chifukwa chachiwiri ndi ndalama, ndipo palibe chobisa. Gemu yaikulu masiku ano imadya zaka zingapo ndi antchito mazanamazana. Dzina lodziwika kale limadzigulitsa lokha, pamene dzina latsopano limafuna kulengezedwa kuchokera pansi. Sindikuona cholakwa kuti kampani ifune phindu. Funso langa ndi lakuti, ikabwereka dzina limene anthu analikonda, ikubweza chiyani kwa anthuwo?

Yankho labwino kwambiri limene ndikulidziwa ndi Doom. Gemu yoyamba inatuluka mu 1993 kuchokera ku id Software, ndipo inali yothamanga, yopanda nkhani yaitali: msilikali mmodzi, ziwanda zambiri, mfuti zazikulu. Mu 2008 kampaniyo inalengeza kuti ikupanga Doom 4, koma ntchitoyo inayamba kufanana ndi Call of Duty, magemu a asilikali obisala kuseri kwa khoma amene anali m'fasho nthawiyo. Opangawo anaona kuti chimene chili m'manja mwawo si Doom, ndipo anachitaya n'kuyambanso. Imene inatuluka mu 2016 inakana fashoyo. Mfuti sizifuna kuima n'kuikamo zipolopolo. Ukavulala, kubisala sikukuchiritsa. Mphamvu umazipeza pomuyandikira mdani n'kumumaliza ndi manja. Malamulo amenewa amamukankhira wosewera kutsogolo nthawi zonse. Zithunzi zinali zatsopano, nyimbo zatsopano, malamulo ena atsopano, koma amene anasewera ya 1993 anaizindikira m'zala zake.

Apa ndi pamene pagona maganizo anga. Gemu si buku kapena filimu yongoonera. Chimene wosewera amakumbukira kwambiri ndi chimene manja ake ankachita: kuthamanga, kulumpha, kuganiza njira yotsegulira chitseko. Nkhani ingasinthe, nkhope zingasinthe, anthu adzadandaula kwa miyezi ingapo n'kuzolowera. Koma opanga akalephera kuzindikira chimene chinkakoma m'kaseweredwe, ndiye kuti agulitsa chinthu china m'dzina la eni.

Ndi muyezo womwewu, Tomb Raider ya 2013 ndimaiyamikira ndi dzanja limodzi. Inali gemu yabwino, ndipo inamupatsa Lara umunthu umene analibe: amazizidwa, amamva njala, amalira atapha munthu koyamba. Koma manda, amene ali m'dzina la gemuyo, anasanduka tizipinda tapambali toti ukhoza kutidumpha. M'malo mwa kusinkhasinkha uli wekha m'phanga lachete, nthawi yambiri inapita ku kuwomberana. Opangawo anamva madandaulo ndipo anawonjezera manda m'magawo a 2015 ndi 2018. Ndipo taonani kulemera kwa katundu amene dzina lakale limasenzetsedwa: gemuyo inagulitsa makope 3.4 miliyoni m'mwezi woyamba, koma Square Enix, kampani yoifalitsa, inati sizinafike pamene inkayembekezera.

Nthawi zina cholakwika sichikhala gemu. Mu 2013 momwemo kunatuluka Devil May Cry yatsopano, imene Capcom inaipereka kwa Ninja Theory, kampani ya ku Cambridge, kuti iipange. Dante, amene anthu ankamudziwa kuyambira 2001 ndi tsitsi loyera, anaoneka ndi tsitsi lakuda lalifupi ndi makhalidwe ena. Okonda gemuyi anakwiya isanatuluke n'komwe. Olemba ndemanga ambiri anaiyamikira kamenyedwe kake, ndipo ndikukhulupirira kuti ikanakhala ndi dzina lakelake ikanalandiridwa mwamtendere. Vuto linali lakuti nkhani ya Dante wakale inali isanathe, ndipo palibe amene anapempha kuti ifafanizidwe. Mu 2019 Capcom inabwerera kwa Dante wa tsitsi loyera mu Devil May Cry 5, ngati kuti ya 2013 sinachitike.

Zikalakwika, olipira si osewera okha. SimCity, gemu yomanga mizinda ya mu 1989, inayambidwanso mu 2013 ndi lamulo lakuti sungasewere popanda intaneti, ngakhale uli wekha. Itangotuluka makina a kampani analephera kulandira anthu onse, ndipo ogula ambiri sanathe kusewera chinthu chimene analipira. Kwa wosewera wa kuno kwathu, kumene bandulo ndi yodula ndipo magetsi amathimathima, lamulo lotere n'chitseko chotseka. Linachotsedwa mu 2014, koma mbiri inali itaipa kale. Mu 2015 Electronic Arts, mwini gemuyi, inatseka ofesi yaikulu ya Maxis, opanga SimCity, ku Emeryville, ndipo mwezi womwewo kampani yaing'ono ya ku Finland, Colossal Order, inatulutsa Cities: Skylines n'kutenga osewerawo. Zofanana zinagwera Volition, imene Saints Row yake ya 2022 inalandiridwa mozizira. Chaka chotsatira kampaniyo inatsekedwa pamene Embracer Group, mwini wake, inkadula antchito chifukwa cha mavuto ake a zachuma. Anali anthu opanga magemu kwa zaka 30.

Pali njira ina imene ndimaikonda kuposa kufafaniza, ndipo God of War ya 2018 inaionetsa. Kratos wa magemu oyambira mu 2005 anali munthu waukali wosaneneka, wopha milungu ya Agiriki mpaka bambo ake omwe, Zeus. Santa Monica Studio, motsogozedwa ndi Cory Barlog, inasintha pafupifupi zonse: dziko linakhala la milungu ya kumpoto kwa Ulaya, chida chinakhala nkhwangwa, kamera inabwera pafupi ndi phewa. Koma zakale sanazifute. Kratos ndi yemwe uja, wakalamba, ali ndi mwana wamwamuna, Atreus, ndipo akupita naye kukamwaza phulusa la mkazi wake pamwamba pa phiri. Chimene akuopa n'chakuti mwanayo adziwa zimene bambo ake anachita, n'kudzakhala ngati iwo. Wosewera watsopano amamva nkhani ya bambo ndi mwana. Wakale amamva zoposa apo, chifukwa magazi amene Kratos akubisawo anawakhetsa ndi iyeyo, ndi zala zake. Nkhaniyi sikanatheka opangawo akanayamba ndi Kratos wopanda mbiri.

Chondidetsa nkhawa tsopano ndi kubwerezabwereza. Mortal Kombat, imene inapulumuka poyambanso mu 2011, inayambanso kachiwiri mu 2023, Liu Kang atalenga dziko latsopano, ndipo anaitcha Mortal Kombat 1 ngakhale ili ya nambala 12 pa magemu akuluakulu a dzinali. Wosewera akadziwa kuti zonse zidzafutidwa pakapita zaka khumi, imfa ya munthu m'nkhani siimukhudzanso. Mayina nawo asokonezeka: kuli Doom ziwiri, Tomb Raider ziwiri, God of War ziwiri, Call of Duty: Modern Warfare ya 2007 ndi ya 2019. Wogula disiki yakale pamsika ayenera kufunsa chaka, apo ayi abwera kunyumba ndi ina.

Chimene ndingapemphe kwa makampani n'chochepa: akayambanso, asakwirire zakalezo. Id Software inapereka poyera malamulo a pakompyuta a Doom yoyamba mu 1997, ndipo n'chifukwa chake mpaka lero imaseweredwa pa makina a mitundu yonse, ngakhale pafoni yotsika mtengo. Magemu atatu oyamba a Lara Croft anatulutsidwanso mu 2024 atakonzedwa, moti mwana amene anayamba ndi Lara wa pachilumba angathe kulowa m'manda a 1996 n'kudziweruzira yekha zimene zinatayika ndi zimene zinapindulidwa.