Pulasitiki ya dziwe la bwana ikang'ambika

Anzanga a pamsika, ambiri a inu muli ndi mbale ku Joni yemwe akaimba foni amati ali pa ntchito ya m'gadeni. Mufunseni bwino. Theka la ntchitoyo si maluwa ayi, koma dziwe losambiramo la kuseri kwa nyumba ya bwana. Madzi akangobiriwira ndi ndere, woyamba kukalipiridwa ndi iyeyo. Tsono amene mukusunga ya basi kuti mutsatire, tcherani khutu.

Tiyambe ndi kukula kwa chinthucho. Dziwe la mamita 8 m'litali, 4 m'lifupi, kuya mita imodzi ndi theka, limamwa malita 48,000. Ndiye kuti ndowa 2,400 za malita 20. Inu amayi amene mumafola pa kiyosiki m'bandakucha, werengani nokha.

Maiwe ambiri a ku South Africa ndi a simenti kapena faibala. Koma ku America, Canada ndi Britain kwadzaza mtundu wina: amakumba dzenje, kuimika zipupa zachitsulo, kusalaza pansi, kenaka kuyalamo chipulasitiki cholimba chimene eni ake amati liner. Kuchindikala kwake sikufika ngakhale milimita imodzi, komabe madzi onse aja amadalira chomwecho. Chikasamalidwa chimatha zaka 10 kapena kupyola pang'ono. Dzuwa ndi mankhwala zimachidya pang'onopang'ono, mtundu umasuluka, chimauma gwa, kenaka chimayamba kuthetheka m'makona.

Kabowo kakang'ono sikavuta. Pali guluu womata chigamba m'madzi momwemo osapopa dziwe, monga amachitira anyamata omata machubu a njinga. Koma zigamba zikafika pochulukana ngati thalauzi la kaunjika wa pansi, bwana asadzinamize. Madzi othawira kuseri amadya zipupa ndi dzimbiri, nakokolola dothi la pansi, ndipo ndalama yake imaposa ya pulasitiki yatsopano.

Kusintha kwake ndiye kumafuna mutu. Muyeso uyenera kukhala wolondola chifukwa liner amaisoka kufakitale molingana ndi dziwe lanulo, ngati suti ya kwa telala. Mukapopa madzi, yakale mumaidula zidutswa n'kuichotsa. Pansi mumasesa mpaka kamwala kamodzi osatsala, poti kamwala koponderezedwa ndi matani 48 a madzi kamasanduka msomali. Yatsopano amayala tsiku lotentha kuti ifewe. Akaikoleka m'mphepete monse, amalowetsa paipi ya makina okoka mpweya kuseri kwake, pulasitiki n'kumamatira kuchipupa, makwinya n'kuwongoka. Makinawo sazimitsa mpaka madzi atayamba kukwera. Mabowo a mapaipi amadula pomalizira, madzi atakoka kale pulasitikiyo. Wodula msanga, bowo limasuntha, basi yapita.

Chinanso, dziwe la mtundu umenewu salisiya lopanda madzi. Pulasitiki yakale ikakhala padzuwa masiku ochepa imafota, ndipo siibwereranso m'malo.

Tsono nkhani ya chisanu. Ku Canada madzi amaundana miyezi ingapo, ndipo akaundana amafufuma pafupifupi 9 peresenti, zokwanira kuphulitsa paipi. Choncho cha m'ma September kapena October amatsuka dziwe, kuthira mankhwala, kutsitsa madzi pang'ono, kuuzira mpweya m'mapaipi kuti musatsale dontho, kutseka ndi zotsekera, pampu n'kuiumitsa. Kenaka amafunditsa chilona. Ena amachitsendereza ndi matumba a madzi m'mbali, osati njerwa, chifukwa njerwa ikagweramo yaboola liner. Madzi a mvula odikha pamwamba pa lona amawapopa, apo ayi lonayo imamira ndi zinyalala zake zonse.

Ku Johannesburg chisanu cha June ndi July chimaluma, koma dziwe siliundana chotero. Kumeneko pampu imangochepetsedwa maola, ndipo lona ntchito yake ndi kutchinga masamba ndi kuletsa madzi kuuluka. Ku Cape Town anaiona phindu mu 2018, chilala chitafika poti munthu aziloledwa malita 50 okha patsiku, kudzaza dziwe ndi madzi a kumpope kutaletsedwa. Paja ndi dziko lomwelo kumene Ferdinand Chauvier anatulukira Kreepy Krauly mu 1974, kachimakina koyenda kokha pansi pa madzi kakuyamwa zinyalala. Ati kanabwera kudzapeputsa ntchito. Koma masamba akakatsamwitsa, amene amagwada n'kukatokosa ndi mbale wathu yemwe uja.

Ziwiri izi muwauze ndithu. Klorini ndi asidi sizisakanizidwa m'chidebe chimodzi, ngakhale bwana afulumire bwanji. Utsi wake umawotcha mapapo. Chilichonse chimathiridwa pachokha, ndipo asidi amathira m'madzi, osati madzi mu asidi. Kachipangizo koyezera kakasonyeza pakati pa 7.2 ndi 7.6, madzi ali bwino. Akawawasa kwambiri, pulasitiki imachita makwinya osawongokanso.

Chachiwiri ndi ana. Lona ya buluu yamatuza yoyandama ija ntchito yake ndi kusunga kutentha basi. Mwana amaiona ngati pansi pouma, akapondapo imamukulunga, ndipo wodutsa saona kanthu. Yoteteza ana ndi neti kapena lona yolimba yomangidwa ndi zingwe pa zitsulo zokhomedwa m'simenti. Ngati panyumbapo pali ana aang'ono koma pali yamatuzayo yokha, wantchito anene poyera tsiku loyamba lomwe, makamaka pamaso pa dona, chifukwa ngozi ikachitika funso loyamba lidzakhala lakuti wa m'gadeni anali kuti.