Lekani kufufuta kumbuyo kwa chithunzi

Anzanga amene mwayamba kusakila makamera akale a filimu, pali matenda amene mwabwela nawo kuchoka ku foni. Mukangogwila Canonet kapena Zorki, mufuna kutsegula lens mpaka kumapeto kuti kumbuyo kukhale mbuu monga portrait mode. Mukuononga filimu, ndipo mukuononganso chithunzi.

Rangefinder siili monga foni. Simuyang'ana kupyola mu lens, muyang'ana pa kawindo kena kapambali, ndipo m'menemo zonse zioneka bwino, zapafupi ndi zakutali zomwe. Chimene chikuuzani mtunda ni kabanga kali pakati, pamene chinthu chioneka kawiri. Muzungulitsa lens mpaka ziwirizo zikhale chimodzi. Kabanga aka kakuuzani za malo amodzi chabe. Kuti kutsogolo ndi kumbuyo kwake kudzaoneka bwino mpaka pati, sikakamba.

Manje onani manambala. Lens ya 50mm pa f/2, munthu ali pa mamita 2, malo amene adzatuluka bwino ni masentimita pafupifupi 20 chabe. Akapendekeka pang'ono, nkhope yapita, ndipo mudzadziwa filimu itatsukidwa kale. Filimu imodzi ni zithunzi 36, ndipo mtengo wake muudziwa imwe amene mumagula.

Dzuwa lathu nalonso silivomela. Canonet QL17 GIII ya 1972 ili ndi f/1.7, inde, koma shutter yake ithela pa 1/500. Ndi filimu ya ISO 400 masana mu Lusaka, pa 1/500 mufunika f/16. Ija f/1.7 anaiikila m'nyumba ndi madzulo, osati pa Cairo Road 12 koloko.

Yang'anani pa lens monga Jupiter-8 ya pa Zorki. Pali manambala olembedwa kawiri, kumanzele ndi kumanja, pafupi ndi mzele wa mamita. Ambiri aganiza ni zokongoletsa. Manambala aja akuonetsani pamene kuoneka bwino kuyambila ndi pamene kuthela. Lens ya 35mm pa f/8, mukaika pa mamita 5, zonse kuchoka pa mamita awiri ndi theka mpaka kutali kwenikweni zituluka bwino. Mukaika pa mamita 3, muli ndi 2 mpaka 7. Muika musanafike pa msika, kenaka mungokweza kamera ndi kukopa. Wa wilibala ku Soweto sadzaimilila kuti imwe mugwilizanitse kabanga.

Ena adzakamba kuti kumbuyo kofufutika kumapangitsa munthu kuonekela. Pa chithunzi cha nkhope imodzi, nivomela. Koma tsegulani album ya amayi anu. Chimene mukhalitsapo maso ni chiyani? Ni basi ya UBZ ili kumbuyo, dzina la sitolo imene inagwetsedwa, nsapato za munthu wongopita. Wokopa uja akanafufuta zonsezo, mukanatsala ndi nkhope imene muidziwa kale. Komboni yanu ikusintha chaka ndi chaka, ndipo imwe mukulipila ndalama kuti muichotse pa chithunzi.