Maina a Asajeni a ku Burma

Munthu wogwira ntchito ku Heavy Industrial Area amene amakhala cha ku Kabwata, mu likulu la Zambia, amadziwa Burma Road ngati msewu wa minibasi za m'mawa. Chakumtunda kwake, kulowera ku Woodlands, kuli kampu ya asilikali ya Arakan. Maina awiriwa anachokera ku Asia, kumene asilikali a Northern Rhodesia Regiment anakamenyana ndi Ajapani mu 1944 ndi 1945. Ku Ndola kuli kampu ya Tug Argan, dzina la malo a ku British Somaliland kumene gulu lomweli linalimbana ndi Ataliyana mu Ogasiti 1940.

Maina a malo ankhondowo tinawasunga, koma a amuna amene anatsogolera anzawo kumeneko ndi ochepa amene timawadziwa. Chifukwa chake chili m'malamulo a nthawiyo. Munthu wakuda, ngakhale akhale wolimba mtima chotani, ankalekezera pa maudindo a usajeni. Udindo wa ofesala unali wa azungu. Komatu sajeniyo ndiye ankamasulira lamulo m'Chinyanja, chilankhulo cha pa perete, ndipo ndiye ankadziwa msilikali amene wadwala kapena amene walandira kalata ya maliro kuchokera kumudzi. Ntchito ya utsogoleri anaigwira, koma mbiri zambiri za nkhondoyi zinalembedwa ndi maofesala, ndipo zinatchula maofesala anzawo.

Ena amati amunawa anamenyera mtsamunda, choncho ulemu uyenera kupita kwa omenyera ufulu okha. Maganizo amenewa ali ndi maziko, koma akusiya zambiri. Ambiri analembetsa usilikali chifukwa cha msonkho, umphawi kapena mawu a mfumu, ndipo atabwerako analandira malipiro ochepa kwambiri poyerekeza ndi azungu. Pamene Kingsley Chinkuli, wophunzira ku Sandhurst, anakhala Mzambiya woyamba kulamulira gulu lankhondo mu 1970, anapeza gulu limene mwambo wake unasungidwa ndi asajeni oterewa.

Mu 2021 bungwe la Commonwealth War Graves Commission linavomereza kuti anthu osachepera 116,000 amene anafa pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, ambiri mwa iwo a mu Africa, sanakumbukiridwe ndi maina awo. Za nkhondo yachiwiri tikadali ndi mwayi, chifukwa ana a asilikaliwo alipo, ndipo m'mabokosi mwawo muli mamendulo ndi ziphaso zotulukira usilikali. Boma ndi gulu lankhondo asonkhanitse maina amenewa, udindo wa aliyense ndi mudzi wake, ndipo awerengedwe poyera pa mwambo wokumbukira asilikali wa mu Novembala pa chipilala cha pa Independence Avenue. Inu amene muli ndi chiphaso chotere m'nyumba, musachitaye.