Ntchito ikatha, abwenzi amapita kuti?

Ambiri a ife tikukumbukira chinamtindi cha anthu chimene chinkalawira m'mamawa kuchokera ku Ndirande kutsikira ku Makata, ena mwa iwo akukaomba nsalu kwa David Whitehead and Sons. Kaunjika ndi nsalu zotsika mtengo zakunja zitadzaza m'misika m'zaka za m'ma 1990, kampaniyi idayamba kufooka, ndipo mu 2003 boma lidaigulitsa kwa a Mapeto. Anthu ochuluka ntchito idawathera.

Za njala imene idalowa m'makomo timazikamba kawirikawiri. Za maubwenzi amene adafa mwakachetechete sitizikamba.

Taganizani za chipereganyu. Anthu asanu amasonkherana mwezi ukatha, aliyense kudikira mwezi wake. Awiri atalandira kale, makalata ochotsa anthu ntchito afika. Amene adalandira alibe chobweza, amene amadikira akuona ngati aberedwa. Palibe wakuba apa, komabe anthu amene ankadyera mbale imodzi pa nkhomaliro ayamba kuzembana m'njira. Mwini okala watseka kabuku ka ngongole. Mwini nyumba, amene mwina ndi mkhristu mnzathu, akugogoda tsiku ndi tsiku. Ana atumizidwa kumudzi, ndipo banja lagawika.

Amene ntchito yawo idapulumuka nawo amasintha. Akamuona mnzawo patali, mtima umati akudzapempha, basi moni amafupikitsa. Winayo amaziona zimenezi, pakuti munthu wosowa maso ake ndi akuthwa, ndipo manyazi amamutsekera m'nyumba. Amasiya kubwera kumphakati. Ife timangoti wazilala pa chikhristu.

Apa mipingo tili ndi mlandu. Chizolowezi chowerenga pagulu maina ndi ndalama zimene aliyense wapereka, kaya pa masika kaya pa maliro, chimathamangitsa bambo amene chaka chatha ankapereka mowolowa manja koma lero alibe ndi ya sopo yomwe. Tichisiye. Mlembi alembe m'buku, msungichuma asunge, zithere pomwepo.

Ndipo woyenera kuyamba kuyenda ndi amene akadali pa ntchito, chifukwa iye alibe manyazi oti awagonjetse. Asadikire kuti akhale ndi envelopu. Abwenzi a Yobu adachita bwino masiku asanu ndi awiri amene adangokhala naye pansi osayankhula. Zidalakwika atayamba kumufufuzira tchimo. Nafenso timafulumira kufunsa kuti ndalama zopumira nazo ntchito adapita nazo kuti, pamene mnzathuyo amangofuna womuuza kumene kwamveka ganyu, ndi wosewera naye bawo Loweruka masana monga kale.