Confucius sanaphunzitse kudyera antchito masuku pamutu



Ku China, mabwana ambiri a makampani amakonda kutchula dzina la Confucius, mphunzitsi amene anabadwa zaka 551 Yesu asanabadwe. Iyeyu ankatsindika ren, chomwe kwathu kuno timati umunthu. Yi, kuika chilungamo patsogolo pa phindu. Ndi xin, kusunga mawu ako. Wophunzira wake Zigong anali wamalonda wolemera, ndipo mpaka lero amamutchula ngati umboni woti munthu utha kulemera osaba.

Koma kutchula dzina lokha sikunatetezepo aliyense. Mu 2008 mkaka wa makanda wa kampani ya Sanlu unapezeka ndi melamine, mankhwala omwe ankathira kuti mkaka wosungunula ndi madzi uzioneka ngati weniweni. Ana 6 anamwalira, pafupifupi 300,000 anadwala. Umunthu unali kuti pamenepo?

Nanga 996? Kugwira ntchito kuyambira 9 koloko m'mawa mpaka 9 koloko usiku, masiku 6 pa sabata. Mu 2019 Jack Ma wa Alibaba anati ntchito yotereyi ndi dalitso. Achinyamata opanga mapulogalamu a kompyuta anali atakana kale 996, n'kuyambitsa chionetsero cha pa intaneti chotchedwa 996.ICU. Mu Ogasiti 2021 khothi lalikulu la dzikolo linati 996 ndi yosemphana ndi malamulo. Mwaona? Mfundo za Confucius zimaluma pokhapokha anthu akadzuka ndipo lamulo likagwira ntchito.

Izi zikutikhudza. Chiyambireni ubale wa Malawi ndi China kumapeto kwa 2007, amalonda ndi makontrakita a ku China achuluka kuno. Ambirife madigiri ali m'chikwama, ntchito kulibe, ndiye ife ndi azibale athu timathamangira m'mashopu ndi m'malo omanga. Munthu wanjala sakambirana malipiro, amangovomera.

Tisasokoneze nkhani apa. Sitikudana ndi mtundu wa anthu, ndipo mabwana achimalawi ofinya antchito aliponso mbwee. Aliyense wofuna kukagenda shopu si mnzathu.

Tikuti tiwayeze ndi muyeso wawo womwe. Xin ndi kontrakiti yolembedwa komanso malipiro pa tsiku lake. Yi ndi kulipira ovataimu. Ren ndi nsapato zolimba, chipewa choteteza mutu, komanso kusatukwana wantchito.

Unduna wa Zantchito utumize oyendera malo antchito, osati okalandira za fanta. Inu amene muli pantchito, lembani maola anu tsiku lililonse, sungani umboni wa malipiro. Mutu umodzi susenza denga.

Tumizani uthengawu ku magulu anu onse.